Mpanda wa matabwa pa nsanamira zachitsulo: lipoti la ntchito ya mamita 36 ku Area 49, Lilongwe

Momwe mpandawo unalili

Mpanda wake ndi wa matabwa a paini, msinkhu wake mamita 1.8. Ukuyenda mamita 24 kuseri kwa nyumba n'kukhota mamita ena 12 chakumbali, ndipo mbali yaifupiyo ili ndi kageti ka anthu oyenda pansi. Unamangidwa pa mapolo 16 a bulugamu osaphikidwa m'mankhwala, ongopakidwa oyilo wakutha wa galimoto. Mvula itagwa zaka zitatu, mphepo ya mvula yoyamba inagwetsa chigawo chapakati, zigawo zina n'kutsala zili pendapenda.

Pa mapolo 16 aja, 11 anali atathera pamalo amodzi: pamene mtengo umakumana ndi dothi. Kumtunda ankaoneka abwinobwino, ukawagogoda ankalira ngati mtengo wamoyo. Koma kuyambira masentimita 10 pamwamba pa nthaka kutsika masentimita 20 pansi, sikuludiraiva inkalowa popanda kukankha, mkati muli dothi la chiswe lokhalokha. Pamenepo ndi pamene pamakhala chinyontho ndi mpweya pamodzi, ndiye kuola ndi chiswe zimathandizana. Pamalo omwewonso ndi pamene polo imalandira mphamvu yonse ya mphepo. Matabwa ambiri anali adakali olimba, kupatula kunsi kwa amene ankagunda pansi.

Eni nyumba sankafuna mpanda wa njerwa. Ankafuna matabwa awo omwewo, koma oti asamadzukirenso kukonza chaka ndi chaka. Tinagwirizana zoimika nsanamira zachitsulo, kusintha matabwa opingasa onse, n'kubwezeretsa matabwa oimirira amene anapulumuka.

Chitsulo nachonso chimafera pamalo omwewo pamene bulugamu anafera. Chiswe sichidya chitsulo, koma dzimbiri limadya, ndipo limayambira pakhosi pa nthaka pomwepo. Ntchito yonse inayendera poganizira malo amenewo.

Chitsulo chake

Mpanda wa waya mphepo imangodutsa. Wa matabwa umaigwira yonse ngati thanga la ngalawa. Chigawo chimodzi cha mamita 2.4 m'litali ndi 1.8 m'mwamba ndi masikweyamita 4.3. Mphepo yothamanga makilomita 70 pa ola imakankha chigawo chotere ndi mphamvu yoposa makilogalamu 100. Ikafika makilomita 100 pa ola, monga zimachitikira kwa kamphindi mvula yamkuntho ikamayamba, mphamvuyo imapitirira makilogalamu 200. Zonsezi zimathera pa nsanamira imodzi, patsinde pake.

N'chifukwa chake square tube (chitsulo cha makona anayi chokhala ndi mphako mkati) ya mamilimita 50 x 50 yokhuthala mamilimita 1.6, imene ambiri amathamangira chifukwa cha mtengo, tinaikana. Imeneyo ndi ya mageti opepuka ndi mafelemu, osati yonyamula mpanda wotseka. Tinatenga ya 75 x 75 yokhuthala mamilimita 2, imene imalimbana ndi kupindika pafupifupi katatu kuposa inayo. Mbali zonse ziwiri za geti tinaika ya 75 x 75 yokhuthala mamilimita 3, chifukwa geti imakoka ndi kumenya nsanamira tsiku lililonse.

Pogula, musadalire zolembedwa pa lisiti. Kukhuthala kwa chitsulo maso sakuona bwino, makamaka kumapeto kumene makina odulira anapinda mlomo wake. Yezani ndi vernier, kachipangizo koyezera kukhuthala, ndipo ngati palibe, ikani pa sikelo. Chitsulo cha 75 x 75 x 2 chotalika mamita 6 chimalemera pafupifupi makilogalamu 27. Cha 1.6 chimalemera cha m'ma 22, cha 1.2 sichifika 17. Yezaninso kutalika, poti zina zimabwera mamita 5.8.

Mpata wa mamita 2.4 pakati pa nsanamira unapereka zigawo 15 ndi nsanamira 16, kuwonjezapo imodzi ya geti, zonse 17. Chitsulo chimodzi cha mamita 6 chimatuluka nsanamira ziwiri, choncho tinagula zisanu ndi zitatu za mamilimita 2 ndi chimodzi cha mamilimita 3. Zidutswa zotsala zinapita ku felemu ya geti. Pali chizolowezi cholumikiza zidutswa ziwiri kuti zituluke nsanamira ina; pa mpanda wotseka musatero, makamaka ngati cholumikizacho chigwera pafupi ndi nthaka.

Maenje

Tisanakumbe tinafufuza mabikoni a poloti ndi kumene paipi ya madzi inadutsa. Mpanda wolowa kwa aneba ngakhale masentimita 20 umabweretsa milandu, ndipo nsanamira ya mu konkire siisuntha ngati polo.

Dothi la pamalopo ndi la mitundu iwiri. Kumtunda ndi katondo wofiira, wogwira bwino. Kumunsi, mamita 10 omalizira chakudambo, ndi makande akuda amene mu Okutobala amang'aluka mpaka dzanja kulowa, mvula ikagwa n'kufufuma. Pa katondo maenje anali masentimita 30 mbali zonse, kuya 80. Pa makande, maenje anayi, tinafika masentimita 105 kuti konkire ikakhale pansi pa dothi limene limasuntha kwambiri ndi nyengo. A geti anali 40 mbali zonse, kuya mita imodzi.

Maonekedwe a dzenje ndi ofunika kuposa momwe okumba amaganizira. Munthu wokumba ndi khasu amatulutsa dzenje lotakasuka kukamwa, lopanikizika pansi. Konkire yake imatuluka ngati mphika wosongoka kunsi, ndipo makande akafufuma amaikankhira m'mwamba pang'onopang'ono, nsanamira n'kupendekeka. Dzenje likhale la makoma oongoka, kapena lotakasuka pang'ono pansi. Chokumbira chake ndi chitsulo chosongoka ndi fosholo yaing'ono. Komanso musakumbe m'dzenje la polo yakale musanachotse chitsa chake chonse: mtengo wotsala pansi ndi chakudya cha chiswe pafupi penipeni ndi matabwa anu.

Pansi pa dzenje lililonse tinathira miyala ya kwale masentimita 10 n'kuisinja. Nsanamira imakhala pa miyalayo, osati pa konkire, kuti madzi amene angalowe mkati mwa chitsulo apeze potulukira. Choncho nsanamira za pa katondo zinadulidwa mamita 2.45, masentimita 70 mu konkire ndi 175 kunja. Za pa makande mamita 2.7, za geti 2.65.

Penti isanafike konkire

Chitsulo chatsopano chimabwera ndi mafuta akufakitale. Penti yopakidwa pa mafuta imasupuka chaka chisanathe. Tinapukuta ndi nsanza yoviika mu thinners, pomwe panayamba dzimbiri tinakwecha ndi burashi yawaya, kenako tinapaka red oxide, penti yoyamba yoteteza ku dzimbiri, kawiri, kusiya tsiku pakati. Chigawo cholowa pansi, kukwera mpaka masentimita 20 pamwamba pa pomwe konkire idzathere, chinapakidwanso penti yaphula kawiri. Mkanda wakuda umenewu ndi umene umateteza khosi la nsanamira.

Pamwamba pa nsanamira iliyonse panawotchereredwa kachivundikiro ka chitsulo kuzungulira mbali zonse zinayi, osati kungodontheza m'makona. Square tube yosavundikira imamwa mvula dzinja lonse, n'kumadyeka mkati pomwe palibe penti, kunja ikunyezimira. Eni ake amadzadziwa tsiku limene yathyoka. Ena amathira konkire mkati mwa chitsulo poganiza kuti akulimbitsa. Popanda chivundikiro, madzi amangokhala pamwamba pa konkireyo, dzimbiri n'kuyambira pomwepo.

Amene angakwanitse chitsulo cha galvanised, chokutidwa ndi zinc, achita bwino, chimakhalitsa kwambiri. Koma red oxide wamba sagwira pa icho, chimafuna penti yoyamba yapadera yotchedwa etch primer. Pochiwotcherera chimatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa mutu ndi kutentha thupi, choncho pamalo powotcherera papalidwe kaye ndi giraindala, ntchito ichitikire panja, ndipo pomaliza papakidwe penti yokhala ndi zinc.

Kuimika

Tinayamba ndi nsanamira zitatu: ziwiri zakumapeto ndi yapakona. Zitauma usiku umodzi, tinakoka zingwe ziwiri, china chakunsi china chakumtunda, zonse kunkhope imene matabwa adzakhale. Chingwe chimodzi chimanamiza: tsinde limakhala pamzere, mutu uli kwina. Nsanamira iliyonse inayezedwa ndi levulo mbali ziwiri zoyandikana, n'kuchirikizidwa ndi mitengo iwiri yokhomera pa zikhomo. Square tube ili ndi vuto limene paipi yozungulira ilibe: ikapotoka pang'ono m'dzenje, nkhope yake siyang'ana mzere, ndipo matabwa opingasa sakhala bwino. Nkhope yonse igunde chingwe, osati kona imodzi.

Konkire inali ya muyeso wa 1:2:4. Pamalo antchito izi zikutanthauza thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, wilibala imodzi ya mchenga wakumtsinje, mawilibala awiri a kwale wa mamilimita 19, ndi madzi osapitirira malita 25, ocheperapo ngati mchenga uli wonyowa. Wilibala yake ndi ya omanga ija ya malita 65, yodzaza mosasefukira. Muyeso umenewu umatulutsa konkire yokwana maenje awiri a pa katondo n'kutsalako pang'ono. Maenje onse 17 anafuna makyubikimita 1.3, ndiwo matumba asanu ndi anayi. Tinagula khumi, chifukwa dzenje silituluka ndendende monga pa pepala.

Konkire yamadzimadzi ndi yosavuta kuthira, koma ikauma imakhala yofooka ndipo imasiya kampata kuzungulira chitsulo. Ikhale yoti ikhazikika pa fosholo osayenderera. Tinkathira masentimita 20 n'kutsokota ndi chitsulo mpaka thovu litasiya kutuluka, kenako kuwonjezera, uku tikubwereza levulo.

Pamwamba pake ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amasiya konkire masentimita angapo pansi pa nthaka n'kukwirira ndi dothi kuti pasaoneke. Dothi limenelo limasunga chinyontho pa chitsulo miyezi isanu ya mvula. Ife tinakweza konkire masentimita 5 pamwamba pa nthaka pogwiritsa ntchito kabokosi ka matabwa, n'kuisalaza motsetsereka kuchoka pa chitsulo kupita kunja, kuti dontho lililonse lithawe. Tinaithirira m'mawa ndi madzulo masiku asanu ndi awiri itaphimbidwa ndi matumba a simenti onyowa. Palibe thabwa limene linakhomedwa sabata imeneyo isanathe: mpanda ukavala matabwa konkire idakali yanthete, mphepo imagwedeza nsanamira n'kukuza dzenje lake mkati mwa konkire, ndipo mpata umenewo sutsekekanso.

Kulumikiza thabwa ku chitsulo

Msomali sulowa m'chitsulo, ndiye pamafunika pogwirira. Njira yachidule ndi kuboola nsanamira n'kupyoza bawuti, koma bowo lililonse ndi khomo la madzi, ndipo bawuti ikamangidwa kwambiri imafinya square tube yopyapyala. Waya womangira matabwa opingasa, umene timauona m'mipanda yambiri, umachita dzimbiri n'kuduka, mpanda n'kutsetsereka.

Tinagwiritsa ntchito angle iron (chitsulo chopindika ngati L) ya 50 x 50 x 5, yodulidwa masentimita 25, yowotcherera chopingasa pa nkhope ya nsanamira kuti itulukire mbali zonse ziwiri. Thabwa lopingasa limakhala pa phewa la angle iron, ndiye kulemera kwa mpanda kumanyamulidwa ndi chitsulo. Bawuti ntchito yake n'kungogwira kuti thabwa lisachoke. Mabowo a mamilimita 10 anabooledwa masentimita 9 kuchokera pakati pa nsanamira, kuti bawuti isayandikire kumapeto kwa thabwa kumene limang'aluka msanga. Paphewapo tinaboolanso timabowo tiwiri totulutsira madzi. Nsanamira iliyonse inalandira zitatu: masentimita 25 kuchokera pansi, pakati, ndi masentimita 20 kuchokera pamwamba pa matabwa. Awiri okha opingasa sakwanira mpanda wa mamita 1.8, paini amapotoka pakati. Zonse zinali zidutswa 51, zochokera mu angle iron zitatu.

Kuwotcherera kunachitika nsanamira zitaima kale, potsatira chingwe, chifukwa malowo ndi otsetsereka ndipo mpanda umatsika ngati masitepe, masentimita 10 pa zigawo ziwiri zilizonse. Zidutswa zowotchereratu ku shedi zimafuna kuti nsanamira iliyonse ilowe pansi mwa muyeso weniweni, zimene pa malo otsetsereka zimavuta. Ndodo zowotcherera zinali E6013 za mamilimita 2.5, moto wa ma amp 60 mpaka 75. Chitsulo cha mamilimita 2 chimabooka mwachangu, choncho wowotcherera azilozetsa moto kwambiri ku angle iron yokhuthalayo, aziwotcha pang'ono n'kupumira. Msoko wapamwamba utsekedwe wonse kuti madzi asalowe kuseri. Akatha, makoko onse a weld agogodedwe, pakwechedwe, papakidwe red oxide tsiku lomwelo. Penti yopaka pa makoko imagwa nawo limodzi. Kenako nsanamira zonse zinapakidwa gloss yakuda kawiri.

Matabwa

Opingasa anali atsopano, a 50 x 75, amene kumsika amati 2 by 3, okwana 45. Tinasankha ouma, opanda mfundo zazikulu pakati. Paini wongochekedwa kumene amalemera, amazizira m'manja, ndipo akauma ali pa mpanda amapindika n'kukoka misomali. Wotere aunjikidwe pamthunzi milungu ingapo, timitengo tili pakati pa mizere kuti mphepo idutse.

Onse anapakidwa mankhwala oteteza matabwa kawiri asanakwere, makamaka kumapeto kumene macheka anadutsa, poti thabwa limamwera madzi kumeneko. Oyilo wakutha sitinamubwezerenso: mapolo aja anasonyeza kale kuti chiswe sichimuopa, amaipitsa dothi, ndipo penti siigwiranso pa thabwa lake. Amene agula matabwa ophikidwa m'mankhwala a CCA, obiriwira aja, adziwe kuti mankhwalawo ali ndi kopa amene amafulumizitsa dzimbiri pa chitsulo wamba pakakhala chinyontho. Mabawuti ndi misomali zikhale za galvanised, ndipo paphewa pa angle iron papakidwe phula. Zidutswa za matabwa amenewa zisalowe pamoto wophikira, utsi ndi phulusa lake n'zapoizoni.

Mabawuti anali M8 x 75 a mutu wobulungira, galvanised, okwana 100 pamodzi ndi a geti. Mutu uli kumbali ya matabwa oimirira, umene amauphimba akakhomedwa, nati ndi washala zili mkati mwa poloti. Pamene opingasa awiri akumana pa nsanamira tinasiya mpata wa mamilimita 5.

Matabwa akale tinawadula kunsi kufika pa mtengo wabwino. Amene anafupika kwambiri kapena chiswe chinalowa mkati anachotsedwa, pafupifupi limodzi pa anayi alionse. Otsalawo anatuluka mamita 1.7, atsopano anadulidwa chimodzimodzi, ndipo onse anakhomedwa masentimita 7 kuchoka pa nthaka. Pakati pa thabwa ndi linzake pali mpata wa mamilimita 12, umene umapatsa thabwa malo ofufumira nthawi ya mvula n'kuchepetsako mphepo. Misomali ndi ya mainchesi awiri ndi theka, iwiri pa wopingasa aliyense, nsonga yake itaphwanyidwa pang'ono ndi hamala kuti thabwa louma lisang'aluke.

Mpata wakunsi uja eni nyumba sanaukonde poyamba chifukwa cha nkhuku za aneba. Tinayala mzere umodzi wa njerwa chogoneka pansi pake chakumkati, osagunda matabwa, kusiya masentimita atatu oti diso lizionamo. Mpata umenewu usatsekedwe. Chiswe chimamanga njira yake yadothi pa konkire ndi pa chitsulo mosavuta, kukwera mpaka kukafika pa thabwa. Nsanamira yachitsulo siichitchinga. Chimene imachita n'kuchikakamiza kuyenda poyera, pamene munthu angachione n'kuphwanya njirayo.

Zimene zinaoneka mvula itatha

Mu Meyi wotsatira nsanamira zonse 17 zinali chilili pa levulo, kuphatikizapo zinayi za pa makande. Panapezeka zinthu zitatu.

Manati ambiri anali atakhwepa chifukwa matabwa opingasa anapitiriza kuuma n'kuchepa. Izi zimachitika ndithu, ndipo sipanala ya 13 imathetsa mu ola limodzi. Zibwerezedwe mu Okutobala, matabwa atauma kotheratu. Kumanga kwake n'kongofika poti thabwa lagwira. Mutu wa bawuti ukayamba kumira m'thabwa mwapitirira muyeso.

Pa nsanamira ziwiri zoyandikana ndi chitsa cha mtengo wa mango panali njira za chiswe, imodzi itafika kale pa wopingasa wapansi. Thabwalo linali lisanadyeke. Njira zinapalidwa, chitsa chinazulidwa, ndipo dothi lozungulira linathiridwa mankhwala a chiswe motsatira malangizo a pa botolo.

Chachitatu ndi chimene chikanawononga ntchito yonse mwakachetechete. M'mbali mwa mpanda munalimidwa maluwa, ndipo dothi linaunjikidwa mpaka kukwirira konkire ya nsanamira zisanu, kwinaku likuthiriridwa tsiku ndi tsiku. Titafukula, penti yaphula inali idakagwira, koma pa imodzi, pamene khasu linakanda, dzimbiri linali litayamba. Panakwechedwa n'kupakidwanso, ndipo bedi la maluwa linabwezedwa masentimita 30 kuchoka pa mpanda. Wosamalira pakhomo anauzidwa kuti konkire ya nsanamira iliyonse izioneka nthawi zonse, ndipo zinyalala zisaotchedwe pafupi ndi mpanda.

Eni nyumba tinawasiyira ntchito ya kawiri pa chaka, mvula isanayambe ndi itangotha: kuyenda ndi sipanala, burashi yawaya ndi kachitini ka penti, kuyang'ana khosi la nsanamira iliyonse, misoko ya angle iron ndi zivundikiro. Kampata kakaoneka pakati pa chitsulo ndi konkire, katsekedwe ndi phula madzi asanapezepo njira. Matabwa apakidwenso mankhwala pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, kuyambira mbali imene imawombedwa kwambiri ndi dzuwa ndi mvula. Wopingasa akaola, amasulidwa manati awiri n'kulowetsa wina, nsanamira osaikhudza.